Kuimba Nyimbo ya Fuko Osaimva

Munthu wa kuno ku Chifunde amene lero ali ndi zaka 70 waimirirapo nyimbo za fuko zitatu. Yoyamba inali ya Apwitikizi. Yaciwiri inabwera ndi ufulu m'caka ca 1975. Yacitatu ndi imene ana athu aimba m'mawa pabwalo la sukulu, ndipo inayamba m'caka ca 2002. Mapiri ndi omwewo, mtsinje wa Luia ndi womwewo, koma nyimbo yasintha kawiri. Cinthu cimodzi cokha sicinasinthe. Nyimbo zonse zitatu zili m'Cipwitikizi.

Nyimbo ya fuko si nyimbo wamba. Ikayamba, bambo avula cipewa, mai aleka kuceza, mwana aleka kusewera, msilikali aima njo. Nchito yake ndi kuuza anthu osadziwana kuti ali amodzi. Mlimi wa fodya wa ku Mualadzi sanaonanepo ndi msodzi wa ku Pemba, ndipo kapena sadzaonana mpaka imfa. Wina alankhula Cinyanja, wina Cimakua. Koma onse awiri akamva nyimbo imodzi naimirira, mumtima mwao muyenera kubwera ganizo lakuti uyonso ndi mnzanga, dziko ili ndi lathu tonse. Nyimbo ikapanda kubweretsa ganizo limeneli yalephera nchito yake, ngakhale ikome bwanji m'makutu.

Tsono nyimbo ya fuko tiyenera kuiyesa monga tiyesa khasu pamsika. Sitigula khasu cifukwa lawala. Tiligwira, timva kulemera kwake, tiona ngati lingalowe m'nthaka yathu. Ena ayesa kuti kufunsa za nyimbo ya fuko ndi cipongwe. Ine ndiona kuti cipongwe ndi kuiimba zaka makumi awiri osafunsa kuti inena ciani.

Tiyambe ndi ya Apwitikizi, yochedwa A Portuguesa. Ambiri sadziwa kuti nyimbo imeneyi inabadwa cifukwa ca mkangano wolimbirana maiko athu ano. M'zaka za m'ma 1880 Apwitikizi anafuna kutenga dziko lonse la pakati pa Mozambiki ndi Angola, kucokera kunyanja ya kum'mawa kufikira kunyanja ya kumadzulo. Anajambula mapu, dera lonselo nalipaka utoto wofiirira. Angelezi analifunanso dera lomwelo, makamaka mbali ya mtsinje wa Shire, kumene kunali kale amishoni ao ku Blantyre, ndiponso dziko la Amashona. Pa 11 Januwale 1890 boma la Angelezi linatumiza mau aukali ku Lisboa, kulamula kuti Apwitikizi acotse asilikali ao kumeneko msanga. Apwitikizi anali ocepa mphamvu, ndipo anagonja. Anthu a ku Lisboa anapsa mtima ndi manyazi. M'masiku amenewo Alfredo Keil anapeka maimbidwe a nyimboyi, ndipo Henrique Lopes de Mendonça analemba mau ake. Atacotsa mfumu yao m'caka ca 1910, Apwitikizi anaitenga kukhala nyimbo ya fuko lao mu 1911.

Mkangano uja unatha ndi pangano la 1891. Pangano limenelo ndilo gwero la malire amene tiwaona lero ku Cassacatiza, malire amene anadula Acewa patatu: ena kwa Apwitikizi, ena ku Nyasaland, ena ku Northern Rhodesia. Anapangana ndi azungu okha-okha. Eni nthaka anangomva pambuyo pake kuti msuweni wa tsidya la dambo tsopano ndi wa dziko lina.

Nanga nyimboyo inena ciani? Itamanda Apwitikizi monga ngwazi za panyanja, ikumbutsa makolo ao akale, ndipo iitana anthu kuti atenge zida. Kwa eni ake ndi nyimbo yabwino, ndipo aiimbabe mpaka lero. Koma taganizani mwana wa kumapiri kuno, amene sanaonepo madzi oposa a mtsinje wa Kapoche, ataima pamzere ndi kumatamanda ngwazi za panyanja. Ana opita kusukulu masiku amenewo anali ocepa, ndipo ocepawo anailoweza nyimboyo mbalamatodya ili pafupi. Atate ao anali ku cibalo, kapena anapita ku Rhodesia ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho. Atsamunda ankati tonse ndife Apwitikizi, koma makolo ochulidwa m'nyimbo yao sanali makolo athu. Mantha akhoza kuimiritsa miyendo ya munthu mtima wake uli khale pansi.

Nyimbo yaciwiri inabwera ndi anthu amene tinali kuwadziwa. M'caka ca 1968 Frelimo inatsegulanso nkhondo m'cigawo ca Tete, ankhondo ake akulowa kucokera ku Zambia. Midzi ya kumpoto kwa Zambezi ndiyo inawapatsa ufa, kuwasenzera katundu ndi kuwabisa. Apwitikizi anabwezera mwa kusonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza imene ankaicha aldeamento, ndipo mu Disembala 1972 asilikali ao anapha anthu mazana ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete. Conco pamene Samora Machel analengeza ufulu pabwalo la Machava pa 25 Juni 1975, nyimbo yatsopano, yochedwa Viva, Viva a FRELIMO, sinafune mbalamatodya kuti anthu aiimirire. Anaipeka ndi Justino Sigaulane Chemane, katswiri wa makwaya. Maimbidwe ake ndi a perete. Ngakhale munthu wosamva mau ake, mapazi ake afuna kuguba.

Nyimboyo iyamba ndi dzina la cipani, ndi kuciika patsogolo pa anthu onse. Ikumbutsa kuti utsamunda unagwa ndi mfuti. Ichula mitsinje iwiri ya kumapeto kwa dziko, Rovuma kumpoto ndi Maputo kumwera. Ilonjezanso kuti ukapitalisti ndi kudyerana masuku pamutu zidzathera m'dziko lino. Mu 1975 ambiri sanaone colakwa m'menemo, pakuti pa nthawiyo Frelimo ndi ufulu anali ngati mau amodzi. Komatu nyimbo ya fuko salembera caka cimodzi.

Nkhondo ya pakati pa Boma ndi Renamo inafika mwamphamvu ku Tete m'zaka za m'ma 1980. Za imeneyo simufuna kuuzidwa, inu amai ndi abambo, pakuti ambiri a inu munagona kuthengo. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ena anapita ku Zambia, kumene ambiri anaikidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke. Malamulo aakulu a dziko a 1990 analola zipani zambiri. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina mtendere ku Roma. Pa cisankho ca 1994 Frelimo inapeza mipando 129 m'Nyumba ya Malamulo, Renamo 112, ndipo m'cigawo cathu ca Tete Renamo ndiyo inapeza mavoti ambiri.

Apa cilema ca nyimbo cinaonekera poyera. Phungu wa Renamo akanaima bwanji ndi kutamanda cipani cimene anali kupikisana naco? Mai amene anavotera cipani cina, kodi analeka kukhala mwana wa Mozambiki? Nalo lonjezo lija la ukapitalisti linakalamba msanga, pakuti kuyambira 1987 Boma lomwelo linagwirizana ndi IMF ndi Banki ya Dziko Lonse, ndipo pambuyo pake linagulitsa makampani ake ambiri kwa anthu amalonda. Cotsatira cake, nthawi zambiri nyimboyo inkangolizidwa ndi malipenga, mau osaimbidwa. Dziko linakhala zaka zingapo ndi nyimbo yosalankhula.

Chemane sindimuimba mlandu. Iye analemba cimene nthawi yake inafuna. Colakwa cinali kumanga dziko ndi cipani pa cingwe cimodzi. Zili ngati munthu amene anatsogolera kukumba citsime ca m'mudzi, nalamula kuti aliyense wodzatunga aziyamba wachula dzina lake. Anakumbadi, ndipo ayenera kuthokozedwa. Koma madzi ndi a mudzi. Padzatunga ana amene sanamuone, padzatunganso anthu amene anakangana naye.

Mu 1997 Boma linaitanitsa mpikisano wofuna mau atsopano. Nkhaniyo inatenga zaka, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza Pátria Amada mu Epulo 2002, Chissano ali mtsogoleri wa dziko. Pakati pa anthu ochulidwa kuti anaigwirira nchito pali Chemane yemweyo, Salomão Manhiça ndi mlembi Mia Couto.

Pa nyimbo zitatuzi, iyi ndiyo yabwino koposa. Mulibe dzina la cipani, mulibe dzina la munthu. Dzina lochulidwa ndi la Mozambiki. Ikumbukira mwezi wa Juni ndi anthu amene analimba mtima namenyera ufulu, koma siwagawa m'magulu. Ifanizira kumanga dziko ndi nchito yoyala miyala, nchito ya manja ambiri. Fanizo limeneli mlimi alimva msanga kuposa munthu wa mu ofesi. Amene anaumbako njerwa za sukulu ya m'mudzi, amai akutunga madzi, abambo akuponda dothi, acinyamata akuthamanga ndi cikombole, adziwa kuti khoma silikwera ndi kufuula. Ichulanso thukuta, mapiri ndi mitsinje. Nyimbo zambiri za mafuko zikonda mwazi ndi zida. Iyi yakumbukira munthu wogwira khasu, ndipo pa ici iyenera kuyamikiridwa.

Mbali yolemera koposa ili m'ndime yacitatu. M'menemo muli lumbiro lokana ukapolo pansi pa wolamulira wankhanza aliyense. Taonani bwino, anzanga. Olemba sanachule mtsamunda, sanachule mzungu. Wankhanza akhoza kucokera kutsidya kwa nyanja, akhozanso kubadwira pakati pathu. Lumbiro lotere limanga olamulira ndi olamulidwa omwe. Umboni wake unaoneka kumapeto kwa 2024. Pambuyo pa cisankho ca 9 Okutobala, anthu ambiri osakhutira ndi zotsatira anatuluka m'misewu ya Maputo ndi mizinda ina, ndipo pakati pa nyimbo zao panali nyimbo ya fuko. Akulu a Boma anali kuimba yomweyo pa misonkhano yao. Pano sindiweruza kuti anakhoza ndani pa mkangano umenewo, umene unatayitsa miyoyo yambiri. Ndingonena kuti nyimbo ya 1975 sikanatheka kuimbidwa mbali zonse ziwiri, koma ya 2002 inaimbidwa. Mbendera yathu sinapeze mwai wotere. Ili ndi mfuti pamodzi ndi khasu ndi buku, ndipo pamene kunayesedwa kuisintha mu 2005, Nyumba ya Malamulo inakana.

Wina angadandaule kuti nyimboyi sichula Mulungu. Ine sindiona vuto pamenepo. M'dziko muno muli Akristu, muli Asilamu, muli otsata za makolo, ndipo malamulo akuti Boma lilibe mpingo. Pemphero lili ndi malo ake. Dandaulo lina ndi la ife a ku Tete. Nyimbo iyi, monga ija ya 1975, iyesa dziko kucokera ku Rovuma kufikira ku Maputo, ndipo mzere umenewu utsata gombe. Cigawo cathu cili ngati mkono wotambasulidwa kumadzulo, pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Dzina la Zambezi, mtsinje wopatsa magetsi a Cahora Bassa, mulibe m'nyimbo. Atsogoleri acidziwa cimeneci, ndico cifukwa polankhula pa misonkhano aonjezako Zumbo ndi nyanja ya Índico. Koma cilema ici ndi cacing'ono. Nyimbo singachule mtsinje uliwonse.

Cilema cacikulu ndi cinenero. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Mozambiki, pafupifupi 17 okha ndiwo anayamwa Cipwitikizi, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Oyamwa Cinyanja ndi 8 mwa 100. Inde, ambiri anaphunzira Cipwitikizi kusukulu. Koma Cipwitikizi ca m'nyimboyi si ca pamsika kapena ca kucipatala. Ndi ca ndakatulo, cozama. Mwana wa kalasi yoyamba aloweza mau ake ngati cinkhwe, ena awadula pakati, ena awalumikiza posayenera. Pa tsiku la 25 Juni, tayang'anani amai pabwalo. Aima mwaulemu, manja ali pansi, milomo yotseka. Mau abwino aja a miyala ndi thukuta anenadi za iwo, koma sawafika. Lumbiro lija ana alumbira osadziwa kuti alumbira.

Kusiyana kwake acidziwa bwino amene anathawa nkhondo. Ana amene analowa sukulu ku Malawi anapeza nyimbo ya fuko yoimbidwa m'Cicewa. Anaipeka ndi Michael Sauka, ndipo inayamba ndi ufulu wa dzikolo mu 1964. Ndi pemphero, ndipo adani amene ichula si azungu kapena cipani, koma njala, matenda ndi nsanje. Mwana wothawa nkhondo, wa m'mimba mopanda kanthu, sanafune womasulira. Anaimva tsiku loyamba, ndipo mau ake anakhala. Lero anawo ndi akulu-akulu, ndipo ena a iwo akhoza kuimba nyimbo ya Malawi akuimva, pamene ya kwao aingotsatira ndi milomo. Sindikuti akonda Malawi kuposa Mozambiki. Anabwerera kwao, analima minda yao, ana ao anabadwira kuno. Koma khutu lisunga cimene lamva.

Anansi athu ena anapeza njira zao. Nyimbo ya Zambia inatenga maimbidwe a Nkosi Sikelel' iAfrika, nyimbo imene Enoch Sontonga anapeka ku South Africa mu 1897. Pa misonkhano ya Boma iimbidwa m'Cingelezi, koma ili ndi mau ake m'zinenero za m'dzikomo, Cinyanja cili pomwepo. Tanzania iimba maimbidwe omwewo m'Ciswahili. South Africa, kuyambira 1997, inaika zinenero zisanu m'nyimbo imodzi, kuti ambiri apezemo mzere wa pakamwa pao. Palibe dziko mwa amenewa limene linagawanika cifukwa ca kuimba m'cinenero ca m'mudzi.

Amene anasankha Cipwitikizi anali ndi cifukwa cao, ndipo tiyenera kucimva. Frelimo inabadwa ku Dar es Salaam mu 1962 mwa kuphatikiza magulu atatu, ndipo limodzi la iwo, UNAMI, linali la anthu a ku Tete. M'misasa munakumana Amakonde, Anyanja, Asena, Acangana ndi ena. Dziko lathu lili ndi zinenero zoposa 20. Akanasankha cimodzi, eni zinazo akanakwiya. Samora ankaphunzitsa kuti kusankhana mitundu kuyenera kufa kuti fuko likhale ndi moyo, ndipo Cipwitikizi, pokhala cosakhala ca mtundu uliwonse wa kuno, cinaoneka ngati mlatho. Pa zambiri ndi mlathodi. Mnyamata wa ku Chifunde akapita ku Nampula, alankhula ndi anzake kudzera pa mlatho umenewu.

Koma Boma lenilenilo linaphunzira kuti mlatho si nyumba yogonamo. Pa ufulu, anthu oposa 90 mwa 100 sanali kudziwa kulemba ndi kuwerenga. Sukulu za akulu zimene zinatsegulidwa m'dziko lonse mu 1978 zinaphunzitsa m'Cipwitikizi. Munthu wamkulu anasenzetsedwa mitolo iwiri pa nthawi imodzi, zilembo ndi cinenero cacilendo, ndipo ambiri anatula panjira. Kuyambira 1993 mpaka 1997 kunayesedwa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, ndipo zigawo zoyesera zinali Gaza, m'Cicangana, ndi Tete, m'Cinyanja. Pambuyo pake njira imeneyi inalowa m'sukulu zambiri za Boma. Malamulo aakulu a 2004, pa ndime 9, akuti zinenero zathu ndi cuma ca fuko ndipo Boma liyenera kuzikweza. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete iulutsa m'Cinyanja ndi m'Cinyungwe. Buku lili m'manja mwanuli ndi umboni wina. Sukulu yasuntha, wailesi yasuntha, nyimbo ya fuko yatsala m'mbuyo.

Kuno kumalire nkhaniyi ndi yolemera kuposa ku Maputo. Kwa ambiri a ife, Katete ali pafupi kuposa mzinda wa Tete. Ndalama ya kwacha iyenda m'misika yathu pamodzi ndi metikali. Mawailesi a ku Malawi ndi Zambia alankhula cinenero cathu. Caka ndi caka, kumapeto kwa Ogasiti, Acewa a maiko atatu asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, amene likulu la makolo ake, Mano, linali kuno ku Mozambiki. Mu 2007 atsogoleri a maiko onse atatu, Armando Guebuza, Levy Mwanawasa ndi Bingu wa Mutharika, anakhala pamodzi pa mwambowo. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamlemekeza mu 2005, anamlemba m'dzina la maiko onse atatu.

Kukhala Mcewa sikulimbana ndi kukhala mwana wa Mozambiki. Munthu ali ndi kwao kwa amai ndi kwao kwa atate, ndipo konse apitako. Koma taonani mphamvu ya nyimbo za pabwalo la gule. Palibe lamulo lokakamiza munthu kuziimba, palibe mphunzitsi wozilemba pabolodi. Amai aziyankha ndi mtima wonse cifukwa azimva, ndipo mwambi wobisika m'menemo aukumba okha. Ngati Ucewa ulankhula kwa munthu m'cinenero ca pamtondo, pamene dziko lake lilankhula kwa iye m'cinenero ca mu ofesi, tisadabwe kuti cina cikhala pafupi ndi mtima kuposa cinzake.

Sindikuti titaye mau a Cipwitikizi. Akhalepo, kuti tikakumana ndi Amakua ndi Asena tiimbe pamodzi. Cofunika ndi cakuti pambali pao pakhale mau a Cinyanja ogwirizana ndi maimbidwe, ovomerezeka ndi Boma, osindikizidwa m'mabuku a sukulu, ndipo zikhale comweco ndi zinenero zinzake. Podikira zimenezo, kalasi iliyonse ya akulu ingathe kupempha mphunzitsi wake kuti aimasulire nyimboyi ndime ndi ndime, ophunzira ndi kumafunsa. Sipafunika ndalama, pangofunika coko ndi madzulo awiri kapena atatu.

Kumasulira kwake sikudzakhala kwapafupi, ndipo vuto liyambira pa dzina lenileni la nyimbo. Mau aciwiri, amada, savuta: ndi cinthu cokondedwa. Koma oyamba, pátria, anacokera ku mau a Cilatini otanthauza atate. Kwa Apwitikizi, dziko ndi la atate. Ife Acewa tiwerenga mbumba kucokera kwa amai, ndipo munda ndi ufumu zitsata kucikazi. Womasulira akalemba kuti "dziko la atate", agogo a ku Nsadzu adzamva za mudzi wa eni, kumene mwana apita kukaceza cabe. Akalemba kuti "fuko", ena adzaganiza za Aphiri ndi Abanda. Akalemba kuti "dziko" pokha, mau amenewa ndi otakata, atanthauza Mozambiki, atanthauzanso dziko lonse lapansi. Ndico cifukwa nchito imeneyi siyenera kugwiridwa ndi ophunzira a ku Maputo okha. Pakhale amai otsogolera nyimbo pa cinamwali, pakhale a makwaya a m'machalichi, anthu odziwa pamene mau a Cinyanja athyoka akawakoka molakwa.

Akanandifunsa ine, ndikanasankha mau akuti "kwathu". Ndiwo mau amene anthu ankanena ku Ukwimi ndi m'misasa ya ku Malawi pofunsana za tsiku lobwerera. Sasankha amai kapena atate. Ndiponso poimba agunda kawiri, monga pátria, ndipo mphamvu yao ili pa kugunda koyamba.